A Kalaliki ndi Filimu Yawo ya Chifalansa

A Kalaliki anatisiya mwezi watha, Lachiwiri chakum'mawa, atavala tayi. Anamwino anali atawavula jekete ndi nsapato kalekale, koma tsiku limenelo anamva kuti abusa akubwera kudzawaona, ndiye anavuta mpaka anawamanga tayi yawo yabuluu pamwamba pa chovala cha odwala. Abusa anachedwa pa basi. Pomafika anapeza munthu wapita, koma atatchena.

Dzina lawo lenileni linali Lufeyo Chimbalanga, koma ndikukayika ngati ku Woolwich kuno, mu London, alipo anthu asanu amene ankalidziwa. Tonse tinkangoti a Kalaliki, chifukwa kumudzi ali mnyamata ankalemba milandu kukhoti, ndipo kuno anali mlembi wa gulu lathu la mapemphero, la Amalawi ndi anzathu a ku Zambia, mpaka maso atayamba kuwavuta n'kundisiyira ine cholembera. N'chifukwa chake ntchito yolemba mbiri ya malemu, ija timawerenga pamaliro thupi lisananyamulidwe, inagwera ine. Mbiri zotere ndalembapo zambiri ndipo sizivuta. Woledzera timati anali wansangala. Wandewu timati sankabisa mawu. Koma a Kalaliki anali atandisiyira envulopu ya masamba atatu olemba okha, ndipo anandilumbiritsa kuti ndidzawerenga onse, osachotsapo liwu ngakhale limodzi. Tsamba lachitatu linkanena za chinthu chimene anachita ali kalaliki wa khoti, chimene mwana wawo mmodzi yekhayo, Tamanda, sankachidziwa. Tamanda anakula akudziwa kuti bambo ake anathawa ku Malawi chifukwa cholimbana ndi boma lankhanza. Ine ndinali ndi masiku khumi oti ndisankhe womukhumudwitsa, wakufa kapena wamoyo.

Kuti mumvetse chifukwa chake sindinangolipinda tsambalo n'kulibisa m'Baibulo, muyenera kudziwa mmene munthuyu ankalembera maminitsi. Mlembi wina aliyense amangolemba kuti nkhani ya tiyi inakambidwa ndipo anthu anagwirizana. A Kalaliki ayi. Ankalemba zimene munthu wanena, mmene wazinenera, ngakhale zimene wanong'oneza mnzake akuganiza kuti sizikumveka. Pamsonkhano wotsatira ankaimirira, n'kukonza magalasi, n'kuwerenga ndi mawu osakwera osatsika: "Mayi Tembo anati amene anabweretsa mandasi sabata yatha akufuna kutithyola mano. Mayi Phiri anayankha kuti mano ena ndi othyoka kale."

Mayi Tembo, mzimayi wa ku Chipata amene wakhala kuno zaka zambirimbiri koma Chinyanja chake cha mu Lusaka sichinasunthe, ankadzambatuka pampando.

"Ba Kalaliki, sininakambe so ine! Nenze kuseka chabe."

"Ndalemba," a Kalaliki ankayankha osadzutsa mutu. "Mayi Tembo ati ankangoseka."

"Imwe ba mudala, muzanipaya na BP!"

"Ndalembanso."

Awiriwa anakokana chotero zaka zoposa makumi awiri. Koma Mayi Tembo atagonekedwa m'chipatala ku Edmonton, amene ankawoloka mzinda wonse, basi, sitima, basinso, tsiku lililonse loona odwala, anali a Kalaliki, atanyamula malalanje m'kathumba. Ankakhala pambali pa bedi n'kumasenda, mkangano wa mandasi ukupitirira pomwe unalekera.

M'thumba la jekete munkakhala zolembera ziwiri, chakuda ndi chofiira, ndipo sankabwereketsa ngakhale kwa abusa. Chofiiracho ndinachidziwa bwino ine nditayamba kulemba. Ankatenga maminitsi anga n'kupita nawo kunyumba, pobwera ali magazi okhaokha. Ndikalemba kuti a Mwale anadandaula pang'ono, iwo ankadula n'kulemba pamwamba kuti a Mwale anamenya tebulo. Ndikanena kuti ndimafuna kuti anthu asachite manyazi, ankandiuza kuti mlembi akayamba kuchitira anthu chifundo ndi cholembera, ameneyo ayenera kuchotsedwa tsiku lomwelo. Ankandiitana ndi dzina la mfunda, Nachisale, ndipo sanandinenepo kuti iwe, ngakhale ndinali wamng'ono kwambiri kwa iwo. Ine ndinkawakonda, koma ndinkaganiza kuti ndi nkhutukumve chabe ya munthu wokalamba amene akusowa pogwira.

Ndiyeno panali filimu yawo ija. Atangofika ku London mapepala awo a kukhoti analibe ntchito, choncho anapeza yong'amba matikiti m'kanyumba ka kanema kutsidya kwa mtsinje, komwe ophunzira a ku yunivesite ndi azungu okalamba ovala masikafu ankapita kukaonera mafilimu akale a m'mayiko ena. Anagwira kumeneko mpaka kanyumbako kanatsekedwa. Pa mafilimu onse amene anaonera ataima kumbuyo ndi tochi m'manja, anatolapo imodzi yokha. Inali ya Chifalansa, yakuda ndi yoyera basi, yonena za mlandu wa mtsikana wa kumudzi wa zaka mazanamazana zapitazo, amene ankati Mulungu wamutuma. Akuluakulu a mpingo anamuzenga mlandu mpaka kumuwotcha, ndipo patapita nthawi mpingo womwewo unamutcha woyera. Anali nayo pa tepi, tepi itatha anagula chimbale, ndipo ankaionera kamodzi pamwezi atavala jekete, ngati akupita kokaonekera.

Ine ndinaionera koyamba kunyumba kwawo, tsiku lina nditapita kukatenga buku la maminitsi. Ndinena mosabisa, ndinatopa nayo. Mulibe nkhondo, mulibe mahatchi, mulibe angelo. Chitseko chitseguka, mtsikana alowa, akhala pa kampando, afunsidwa, ayankha, atuluka, chitseko chitsekeka. Mawa lake zomwezo. Anthu ake salira, sakuwa, sakwinya ndi nkhope yomwe. Wojambulayo amangokonda mapazi, maunyolo, ndi manja a alembi akuyendetsa nthenga papepala.

"Koma a Kalaliki, anthuwa anawakakamiza kapena?" ndinafunsa. "Bwanji sakuoneka kuti zikuwapweteka?"

Anaimitsa filimuyo n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati ine anandiwononga ndi mafilimu a masiku ano, momwe munthu akangomva uthenga amagubuduzika pansi mpaka duku kugwa. Iwo anakhala m'khoti zaka zinayi, ndipo sanaonepo munthu amene moyo wake uli pa tebulo akuchita zimenezo. Wotero amayang'ana pansi, amayankha mwachidule, amasamala liwu lililonse. Olira mofuula amakhala achibale, ali panja. Anati Mfalansa amene anakonza filimuyo sanapeke mawu, anawatenga m'mabuku a khoti lenilenilo, ndipo anachita bwino kuuza anthu ake kuti asawonjezere mchere.

"Inu mukuonera mtsikanayu," anatero akuloza pakona ya chithunzi. "Ine ndimaonera anyamata awa akulembawa. Akanapanda iwowa, bwenzi lero tikungomva kuti nkhani inakambidwa ndipo anagwirizana."

Chakumapeto kuli malo pamene mtsikanayo, atatopa ndi kuopsezedwa, amamugwiritsa cholembera kuti aike chizindikiro papepala lonena kuti wasiya zonse zimene ankanena. Patapita masiku ochepa amabweza mawu, akudziwa kuti kubwezako ndi moto. Titafika pamenepo a Kalaliki anatsokomola, n'kunyamuka kukaika ketulo pamoto, chikhalirecho tiyi anali adakali m'makapu. Sindinaganizepo kanthu.

Chaka china anakakamira kuti gulu lonse liionere. Anaika nkhaniyo pa ndandanda ya msonkhano katatu mpaka anthu anavomera kuti angopuma. Linali Loweruka masana, m'holo ya tchalitchi imene timabwereka. Anthu atamva kuti ndi filimu ya woyera, anabwera mwaunyinji, amayi atavala zitenje za mpingo, ena atanyamula mipango yopukutira misozi. A Kalaliki anapachika nsalu yoyera pakhoma okha, osalola munthu kuwathandiza.

Patadutsa mphindi khumi Mayi Tembo anafunsa mokweza, "Manje iyi film izayamba liti?"

"Yayamba kale, mayi."

"Awe mwandi. Mwatiitanila kuti tione chitseko?"

Kumbuyo a Mwale anali atayamba kale kuliza mkonono. Mayi Phiri anadandaula kuti timawu ta Chingerezi tam'munsito tikuthamanga, iwo asanamalize mzere twasintha. Wina anafunsa ngati ilipo ya mitundu. Pamene mtsikanayo ankapita naye kokawotchedwa, mapazi ake ali osavala akuthamangira pamiyala, ndinaona Mayi Tembo akukoka mpango wawo mobisa. Itatha, a Kalaliki anaimirira kutsogolo atagwira kapepala. Ndinawaona akutsegula pakamwa kawiri. Uyu anali munthu amene ankawerenga zotukwana za anthu osaphethira. Kenako anapinda kapepalako n'kunena kuti zikomo pobwera, tiyi ali kumbuyo.

Ndinawaperekeza ndikuwanyamulira chikwama. Mmalo mopita pokwerera basi, anakhotera kumtsinje, tinakakhala pa benchi moyang'ana chombo chimene chimawolotsa magalimoto. Kunkazizira, koma iwo anavula chipewa n'kuchiika pabondo.

"Nachisale, mukudziwa chimene chinandichotsa kumudzi?"

"Ndale, si choncho? Aliyense amadziwa."

"Aliyense amadziwa chifukwa maminitsi amenewo sindinawakonze."

Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu sankakwera basi kapena kulowa mumsika wopanda khadi la chipani. Panali anthu a mpingo wina amene ankakana kugula khadilo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo ankazunzidwa koopsa. Tsiku lina kukhoti kumene a Kalaliki ankalemba anabwera ndi mayi wina, Velina Nangozo, ali ndi mwana kumbuyo. Wapampando wa khoti anamufunsa katatu ngati agula khadi. Katatu konse anayankha chimodzimodzi, motsitsa mawu, akuyang'ana pansi, kuti sangathe. A Kalaliki ankadziwa kumene anthu otere ankapita. Anayang'ana kamwanako kakuyamwa mfundo ya chitenje, ndipo analemba m'buku kuti woimbidwa mlandu wapepesa ndipo wavomera kugula khadi. Wapampando anawerenga, anawayang'ana, n'kusaina. Mwina nayenso anali atatopa nazo. Mayiyo sankadziwa kuwerenga. Anamugwira chala, kuchiviika mu inki, n'kudinda. Potuluka, a Kalaliki anamuponyera khadi m'dengu mwake iye osaona, ndipo anaweruka tsiku limenelo akudzimva kuti ndi munthu wabwino.

Patatha masiku anayi mayi uja anabweranso, wapansi, alibe mwana kumbuyo. A chipani anali atalengeza pamsonkhano m'mudzi mwake kuti Nangozo wagonja, enanu mukudikira chiyani. Anzake a mumpingo, amene nyumba zawo zinali zitawotchedwa, ankakhala chete iye akamadutsa. Analowa mu ofesi, anagwada mwaulemu, n'kuika khadi lija pa tebulo.

"Anati, achimwene, ine sindinanene zimene mwalembazo, ndabwera kuti mukonze," a Kalaliki anandiuza. "Ndinamunong'oneza kuti mayi, bwererani, ganizirani mwana. Anati mwana wamusiya kwa mng'ono wake, ndipo wamuyamwitsa asananyamuke."

Anakonza. Masana omwewo mayiyo anamukweza lole, tsopano ali ndi mlandu winanso wonamiza khoti. Ndiye panabuka funso lakuti zabodzazo analemba ndani. Mesenjala wa pakhotipo, amene anali mnzawo, anawatsina khutu kuti mawa ndi iwo. Anapalasa njinga m'tinjira ta kumalire mpaka kulowa m'Zambia. Ku Lusaka, pakati pa othawa kwawo, wina anawafotokoza kuti uyu ndi kalaliki uja anakana kumvera boma pofuna kupulumutsa anthu opemphera. Mbiri imeneyo inawatsegulira zitseko mpaka kufika kuno, ndipo iwo anangoisiya iyende. Za Velina Nangozo sanamvenso kanthu.

"Koma munkafuna kumupulumutsa," ndinatero.

"Sanandipemphe. Mayi uja nyumba anamuwotchera, mwamuna wake anali kundende. Chimene anatsala nacho ndi kukana kwakeko, ndipo ine ndinamulanda ndi cholembera, ndikumwetulira. Atabwerera, chilango chake chinakula chifukwa cha ine. Iye anakwera lole, ine ndinakwera njinga."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanamuuze Tamanda. Anaseka pang'ono, kuseka kosakoma. Anati ayesapo kambirimbiri chimwalirireni mayi ake a mwanayo, koma akatsegula pakamwa chimene chimatuluka ndi kumufunsa ngati wadya. Lero anayesanso m'holo muja, poganiza kuti filimu iwatsegulira njira, koma ndaona ndekha mmene zathera. "Ndine wamantha, Nachisale. Zimenezonso mukhoza kulemba." Sabata yotsatira anandipatsa envulopu ija. Ndinalumbira mosavuta, chifukwa munthuyo anali wamphamvu, akukwera masitepe okha lifiti ikawonongeka, ndipo tsikulo linkaoneka kuti lili kutali.

Litafika, ndinatenga envulopuyo n'kupita nayo kwa Mayi Tembo, popeza pa akuluakulu otsala ndi iwo amene ankawadziwa bwino. Anawerenga tsamba lachitatulo pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Atamaliza analiika pachifuwa nthawi yaitali.

"So ndiye chifukwa enze kutivutisa so," anatero. "Koma uja mwana azamvela bwanji? Pamaso pa bantu bonse, na bana bake bali pamene apo?"

Nzeru imene inatsatira inali yanga, ndipo sindikufuna kuikankhira kwa wina. Pamaliro athu kuno mbiri imawerengedwa kawiri, choyamba m'Chichewa, kenako m'Chingerezi, kuti ana obadwira kuno ndi anzathu a ku ntchito amve nawo. Ndinati m'Chichewa ndiwerenga masamba onse atatu, lumbiro langa likwanire. M'Chingerezi ndilekera pa tsamba lachiwiri. Tamanda anabadwira kuno, ndipo pa zaka zonsezi sitinamumvepo akunena Chichewa choposa zikomo ndi ndili bwino. Ukamulonjera m'Chichewa amayankha m'Chingerezi, ukamufunsa za ana amayankha m'Chingerezi. Tinkamuona ngati mzungu wathu. Mayi Tembo anati nzeru imeneyo ndi yochokera kumwamba, ndipo ine ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Tsiku la maliro tchalitchi chinadzaza. Kunabwera ndi azungu awiri okalamba amene ankagwira nawo ntchito ku kanema kuja. Tamanda anakhala kutsogolo pakati pa ana ake awiri, atavala chitenje chimene amayi anamumanga, chikuoneka kuti chimasuka nthawi iliyonse. Woyendetsa mwambo ataitana mbiri ya malemu, ndinapita kutsogolo n'kuyamba. Tsamba loyamba, kubadwa ndi sukulu. Lachiwiri, ukwati, ntchito, mpingo, ndi mzere wina umene unaseketsa anthu pakati pa misozi, wonena kuti malemu sanagwirizanepo ndi Mayi Tembo pa nkhani iliyonse ndipo ankawaona ngati mlongo wawo. Kenako lachitatu. Analilemba monga ankalembera maminitsi, osadzikongoletsa, osadzimenya. Woimbidwa mlandu anati sangathe. Kalaliki analemba kuti wavomera. Woimbidwa mlandu anabwerera wapansi. Kalaliki anathawa, ndipo analola anthu kumutcha ngwazi. Linathera pa dzina la mayiyo, dzina la mudzi wake, ndi pempho lakuti amene apempherere malemu ayambe apempherera iyeyo.

Akuluakulu amene anabwera kuno nthawi imodzi ndi a Kalaliki anayang'ana nsapato zawo. Ine sindinayang'ane benchi ya kutsogolo. Ndinatembenukira ku Chingerezi mofulumira, tsamba loyamba, lachiwiri, anthu anasekanso pa Mayi Tembo, kenako ndinati mzimu wawo uuse mumtendere, n'kupinda mapepala.

"Anti."

Anali Tamanda, ataimirira, dzanja limodzi litagwira chitenje.

"Anti, mwadumpha."

Analinena ndi lilime lolemera la ana a kuno, koma palibe amene sanamve. Ndinamva manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinali nditaimirira pafupi ndi bokosi la munthu amene anandiphunzitsa kulemba, nditangochita chinthu chomwecho chimene iye anachilira moyo wake wonse. Ndinakonza mawu kuti ndipulumutse munthu amene sanandipemphe.

Tamanda anabwera kutsogolo n'kuima pambali panga. Anayang'ana tsambalo, koma Chichewa cholemba sachitha.

"Inu werengani," anatero motsitsa. "Ine ndinena in English. Slowly, Anti."

Tinachita choncho, ine mzere umodzi, iye mzere umodzi. Sanalire. Analankhula akuyang'ana ana ake, mawu osakwera osatsika, ndipo ndinamva Mayi Tembo akufwenthera kumbuyo chifukwa anazindikira kuti kawerengedwe kameneko n'ka ndani. Atafika pa dzina la Velina Nangozo analitchula kawiri, kachiwiriko pang'onopang'ono, kuti alitchule bwino.

Kumanda sanandilankhule. Anandiimbira patapita masiku atatu, ndipo sanandinyengerere. Anandiuza m'Chingerezi kuti chiyambire ali ndi zaka zisanu anthu akhala akumubisira zinthu m'Chichewa iye ali pomwepo, matenda a mayi ake, mikangano ya makolo ake, zonse, poganiza kuti amene sayankha samva. Anati sayankha chifukwa tsiku lina ali mwana analakwitsa mawu pagulu, amayi a mpingo n'kumuseka mpaka kugwetsa misozi. Ndinali m'gulu la osekawo kapena ayi, sindikukumbuka, ndipo sindinafunse. Za bambo ake anati wawakwiyira, ndipo mkwiyowo utenga nthawi, osati chifukwa cha zimene anachita ali mnyamata, koma chifukwa anauza ine pa benchi mmalo mouza iye. Koma anatinso ngwazi imene anthu ankamuuza ija sanaionepo m'nyumba mwawo. Amene ankamudziwa anali bambo wachete, wosamala mawu ngati mazira, ndipo tsamba lachitatu lija ndi limene linafanana ndi munthuyo. Ndinapepesa. Anati wamva, ndipo andifuna Lachisanu.

Lachisanulo linali tsiku lobweza makiyi a fulati kwa a khonsolo. Ndinakwera mpaka pa nsanjika yachisanu ndi chinayi n'kupeza katundu yense atachoka kale. Sindinadziwe kuti chipindacho chinali chachikulu chotero. Makatani atachotsedwa, dzuwa linkalowa mpaka pakona, likuonetsa misomali m'makoma ndi timabokosi toyera pamene panali zithunzi. Pa kapeti panatsala timaenje tinayi ta miyendo ya mpando wawo. Fungo la mafuta opaka m'mawondo linali lisanachoke.

Tamanda anali ndi pepala ndi cholembera. Mayi Phiri akupita kumudzi mwezi wamawa, ndipo avomera kukafika ku mudzi wotchulidwa m'tsamba lija, kukafunsa ngati alipo wa banja la Velina Nangozo. Mwana amene anasiyidwa kwa mng'ono wake uja, ngati ali moyo, ndi munthu wamkulu kuposa Tamanda. Ankafuna kalata ya m'Chichewa, yonena zimene zinachitika m'khoti muja, kuti ngati m'mudzimo alipo amene amakumbukabe kuti Nangozo anagonja, adziwe kuti sanagonje.

Munalibe tebulo kapena mpando, ndiye ndinalembera pa zenera, nditaimirira, iye akunena m'Chingerezi ine ndikutembenuza. Nditamaliza ndinamupatsa kuti asaine. Sanalandire.

"Werengani kaye," anatero. "Yonse."

Ndinawerenga yonse, mawu anga akumveka mokweza m'chipinda chopanda kanthucho. Anandiimitsa pamalo amodzi, pamene ndinalemba kuti bambo ake analakwitsa, n'kunena kuti iye wati ananama. Ndinadula n'kukonza. Kenako anatenga cholembera, analemba dzina lake, ndipo m'munsi mwake, akundifunsa chilembo chimodzichimodzi, anawonjezera kuti mwana wa kalaliki uja.

Tinazimitsa magetsi pa bokosi la pakhomo, tinayang'ananso kamodzi m'chipindamo, ndipo iye anakhoma chitseko.